Areia ndi Bege Claro, ndayesa zonse ziwiri pakhoma langa ku Ulongwe

Amene mwakhala mukundifunsa za tinta (penti) ndapaka pa sala (pabalaza) ija, nkhani yake ndi iyi. Ku loja ina ya zomangira mu Tete muja anandionetsa katalogu ndipo mitundu iwiri inandizunguza mutu, Areia ndi Bege Claro, papepala ndi mapasa enieni moti ndinatsala pang'ono kungoti ndipatseni iliyonse. Pintor wanga ndi amene anakana, akuti bambo gulani kaye timalata ta lita imodzi tikayese pakhoma penipeni.

Pulasitala inali yatsopano ndiye tinaidikira masiku 28 kuti iume, kenako primário (tinta yoyamba yapansi), kenako tinapaka mitundu yonse iwiri moyandikana, kawiri kawiri. Ikadali yaiwisi simungasiyanitse, koma kutacha eee kusiyana kunali poyera. Areia ili ndi kachikasu kokokera kofiirira ngati mchenga wa mu Zambezi, pomwe Bege Claro imapita ku phulusa.

Tsono zenera la pa sala panga linayang'ana kummwera, dzuwa sililowa kwenikweni makamaka mu Juni ndi Julayi pomwe limadutsa chakumpoto, ndiye Bege Claro pamenepo imaoneka ngati simenti yosapaka, yozizira, ndipo ndi kuzizira kwa kuno ku Angónia munthu sungafune khoma lokuwonjezera chisanu. Madzulo tikayatsa babu la LED loyera lija imathimbiriratu. Areia ndiye imatenthetsa nyumba, mipando yathu ya bulawuni inagwirizana nayo bwino zedi.

China chimene chinandikopa ndi fumbi lofiira la kuno. Ana akabwera kosewera amagwira pafupi ndi switch, patatha sabata pa Bege Claro zala zisanu zimawerengeka, pa Areia mpaka uyandikire.

Koma kuchipinda Areia inandikhumudwitsa, zenera lake ndi lakumpoto ndipo masana imasanduka yachikasu kwambiri ngati mazira okazinga, mayi a kunyumba anaikana pomwepo. Kumeneko tinapaka Bege Claro ndipo yakhala bwino, yofatsa m'maso.

Zonse ziwiri ndinatenga ya acrílica yotsukika, ndi yodulirapo kuposa tinta wamba ya PVA koma ndapukutapo kale ndi kansalu konyowa osasupuka. Pa sala ndi pa koredo balde imodzi ya malita 20 ya Areia inakwana, yatsalako pang'ono yoti ndidzapake pakhonde mvula ikatha.