Chometera ndi chabwino, koma mnyamata wa pakauntala uja anandipsetsa mtima

Ndikupereka nyenyezi zitatu mwa zisanu. Ziwiri ndi za chometera chenichenicho, imodzi ndi ya mayi eni sitolo. Mnyamata amene amatsala pakauntala masana uja sakulandirapo kalikonse kwa ine, ndipo ndikufuna awerenge.

Amene mumayenda cha ku Taifa Market mu Mzuzu mukukadziwa kasitolo ka mafuta onunkhira ndi makina ometera kaja, komwe chaka chino anayamba kutsatsa pa Facebook katundu wometera mwachikale. Mtengo unali K38,000 zonse pamodzi: chometera chachitsulo cholowetsa lezala yakuthwa konsekonse, burashi yopangira thovu, sopo wa Arko ndi timapaketi tiwiri ta malezala a Astra obiriwira. Ndinalipira pafoni osanenerera, chifukwa zinthu ngati izi muno mu Mzuzu sizipezeka wamba. Malezala ali pa okala iliyonse, koma chometera chabwino ndi burashi umachita kutuma munthu wopita ku Dar es Salaam.

Vuto linayamba ndi burashi. Ndameta ndi burashi kwa zaka zambiri, choncho ndikudziwa kuti yatsopano, makamaka ya ubweya wa nguluwe, imanunkha pang'ono masiku oyambirira ndipo imataya tiubweya tingapo isanakhazikike. Zimenezo sizidandaulitsa. Koma iyi inkasiya ubweya pa sopo, m'masaya, mpaka pakamwa. Sabata isanathe, ndikutakasa thovu m'kapu, mutu wonse wa ubweya unazuka m'chigwiriro n'kugwera m'beseni. Kusuzumira m'kati, guluu anangodonthezamo pang'ono chabe. Sindinaiikepo m'madzi owira, amene amasungunula guluu. Ndinkaiviika m'madzi ofunda monga zimayenera kukhalira.

Loweruka masana ndinakwera kabaza kuchokera ku Luwinga, kunja kuli kamvula kowaza kathu kaja ka mwezi wa June, burashi nditaikulunga m'jumbo. Ndinapeza mnyamatayo atatsamira kauntala, maso ali pafoni, anzake awiri atakhala pa katoni. Ndinapereka moni, iye anangokweza chibwano. Nditaika zidutswa ziwirizo patsogolo pake, anazitembenuza ndi chala chimodzi n'kunena kuti, "Madala, katundu akatuluka sabwerera." Ndinamuuza modekha kuti sindikufuna ndalama, ndikufuna burashi ina. Apo ndiye anaseka. "Kapena mumapolishira nsapato? Masiku ano ndani akumeta ndi burashi? Zimenezi ndi za agogo. Gulani makina awa muzimeta ngati anthu." Anzake aja anafa nacho chiseko. Mayi wina amene ankasankha mafuta chapambali anangoweramitsa mutu ndi manyazi.

Ndine munthu wa imvi, ana anga ndi aakulu kuposa iye. Katundu woonongeka amapezeka paliponse ndipo sindikanalemba zonsezi chifukwa cha guluu. Chimene chinandiwawa n'chakuti ananyoza chinthu chimene iye mwini akugulitsa, n'kunyozanso amene wachigula, pamaso pa anthu. Ndinatola zidutswa zanga n'kutuluka, ndipo njira yonse yobwerera ndinkangoganiza za munthu amene anandiphunzitsa kumeta.

Anali aphunzitsi athu a Biology ku sekondale yogonera komweko, m'zaka za m'ma 1990, amenenso ankayang'anira anyamata kumahositelo. Ndevu zinandifulumira ndili Fomu 3, ndipo lamulo linali lakuti pamzere wa m'mawa pasaoneke wa ndevu. Tinkameta ndi lezala yothyola pakati, yogwira ndi zala, madzi ozizira a pampopi, sopo wochapira zovala. Lezala imodzi inkazungulira chipinda chonse. Khosi langa linali ziphuphu zokhazokha, zina zamafinya, moti kolala ya yunifolomu inkathimbirira magazi. Tsiku lina anandiimitsa pamzere. Ndinkayembekeza chilango chotchetcha udzu, koma anangoti, "Mwana wanga, tikaweruka ubwere kunyumba."

Ndinawapeza pakhonde, ketulo ili pa mbaula. Anatulutsa chometera chawo chachitsulo, chakale mpaka mtundu utasuluka pogwirira, n'kuikamo lezala yatsopano ndikuona. Anandiuza ndifunde thaulo lamadzi ofunda kumaso kaye, kuti ndevu zimwe madzi zifewe. Kenako anandigwira dzanja n'kundisisititsa chibwano kuti ndimve kumene ndevu zanga zimalowera, chifukwa m'masaya zimaloza kwina, pakhosi zimaloza kwinanso. Anajambula papepala, monga ankachitira pa bolodi, mmene tsitsi lathu lopotana limapindikira n'kubaya khungu likadulidwa mozama kwambiri, n'kunena kuti ziphuphu zanga zinkachokera pamenepo. "Usakanikize. Chometera chili ndi kulemera kwake, iwe ungochitsogolera." Sanandifulumizitse ngakhale pamene dzanja linkanjenjemera. Pochoka anandipatsa chometeracho, ati iwo ali nacho china, koma patapita nthawi ndinamva kwa mwana wawo kuti anachita kukagula china malipiro atatuluka.

Sabata yotsatira anabwera kuhositelo ndi katoni ya malezala ogula ndi ndalama zawo, mnyamata aliyense yakeyake. Anatikhazika pansi n'kufotokoza kuti kadontho ka magazi kotsalira pa lezala kangathe kunyamula HIV kapena matenda a chiwindi a hepatitis B. Zinali zaka zimene maliro ankachulukira m'midzi yathu anthu akuopa kutchula chimene chikuwapha, koma iwo anatchula poyera, mosatiopseza. Anamwalira kalekale. Chometera chawo ndinachisunga mpaka chitsulo chomangira chinatha mazinga n'kusiya kugwira, n'chifukwa chake ndinkafuna chatsopanochi. Ndiye mwana akamati zimenezi ndi za agogo, wanyoza ambiri kuposa amene akuwaona pakauntala.

Mkwiyo uli apo, chometeracho ndiyenera kuchinenera zoona. N'chabwino kuposa mmene ndinkayembekezera pa mtengo umenewu. N'cha zidutswa zitatu, chivundikiro, mbale yapansi ndi chigwiriro, ndipo ukamanga lezala imakhala molingana mbali zonse ziwiri. Zotchipa zambiri zimalephera pamenepa: mbali imodzi lezala imatulukira kwambiri n'kukucheka, inayo osameta n'komwe. Chigwiriro chake chili ndi timizere, sichiterereka m'manja mwa sopo. N'cholemera bwino, ndiye ukachipendeketsa pafupifupi madigiri 30 n'kumakoka pang'onopang'ono motsatira ndevu, umangomva kaphokoso ka ndevu zikuduka, khungu osamva kanthu. Kapangidwe kameneka n'kakale, King C. Gillette analandira chikalata cha umwini wake (patent) ku America mu 1904, ndipo kwa ife a tsitsi lopotana sindinaonebe chokaposa. Zometera zapulasitiki za malezala atatu kapena asanu zimakoka tsitsi n'kulidulira pansi pa khungu, ndiye ziphuphu zimabwerera. Makina amene mnyamata uja amandikakamiza ndi abwino kumutu, koma magetsi akazima m'mawa batire itatha umapita kuntchito ndi ndevu za dzulo. Changa chimangofuna kapu ya madzi ofunda.

Sopo wa Arko, wa ku Turkey uja, fungo lake ndi lamphamvu, akazi anga akuti likumveka mpaka kukhitchini, koma thovu lake ndi lokhuthala ndipo silimaphwa msanga ngakhale m'mawa wozizira wa kuno. Malezala a Astra amakhala asanu m'kapaketi, ndipo a m'sitoloyi ndi enieni, okulungidwa bwino, osapindika. Sachita dzimbiri msanga ngati malezala akale akuda aja, komabe chinyezi cha Mzuzu musachidelere: mukatha kumeta masulani chometera, tsukani, chiume musanamange.

Ndinabwererako Lachiwiri m'mawa, osati ndi chiyembekezo, koma kuti eni ake adziwe. Ndinapeza mayiwo akusesa pakhomo. Atangoona burashi anaika tsache pansi. "Pepani bambo, khalani apa." Anandipatsa mpando wawo, n'kumvetsera nkhani yonse osandidula. Nditafika pa mawu a nsapato aja anagwira pakamwa, n'kunena kuti mnyamatayo ndi mwana wa achemwali awo ndipo alankhula naye. Sanayese kumuikira kumbuyo. Anatsegula katoni ya maburashi otsala, tinawakoka ubweya limodzi mmodzimmodzi, ndipo ena awiri anazuka m'manja mwathu. Anawaika padera kuti asagulitsidwenso. Kenako analowa m'kati n'kutuluka ndi burashi ya Omega ya ku Italy, imene anati anaibweretsa ngati chitsanzo, n'kundipatsa osaonjezera ndalama. Ndinafuna kulipirako pang'ono, anakana. Burashi imeneyi ndi ina ndithu: ubweya wake ndi wolimba poyamba, koma nsonga zake zikuyamba kugawanika n'kufewa monga imachitira ya nguluwe yabwino, ndipo sinatayepo ubweya woti n'kudandaula nawo.

Mnyamatayo ndinakumana naye pakhomo ndikutuluka. Anandiona, anawaona azakhali ake, n'kulowa osanena kanthu. Pepani wake sindinamumve mpaka lero, ndipo nyenyezi ziwiri zotsalazo zatsalira pa iyeyo ndi pa maburashi opanda dzina amene adakali m'mapaketi ena.

Amene mukufuna kugula, pitani m'mawa mayi ali pomwepo. Tsegulani paketi musanalipire, kokani ubweya wa burashi ndi zala, ikanimo lezala m'chometera muone ngati yakhala molingana. Ngati muli ndi mwana wamwamuna amene ndevu zayamba, mugulireni chake, musamabwerekane. Ndawapemphanso mayiwo kuti ulendo wotsatira wa ku Dar es Salaam adzabweretse mwala wa alamu wopaka ukatha kumeta, umene umaletsa magazi pa timabala ting'onoting'ono, chifukwa sipiriti imene ambiri timathira imaumitsa khungu. Alemba m'kope lawo la maoda, ndipo ati ndikafunse kumapeto kwa mwezi.