Wotchi yanga ya nambala 217, patatha miyezi 20

Sabata yatha alamu anga a ku Bangula anandipeza pamsika wa Ngabu, anandigwira mkono n'kuyang'anitsitsa wotchi. "Alamu, ija munkati anapanga 500 zokha dziko lonse lapansi ndi imeneyi? Nanenso ndikufuna yotere, mundilangize." Sindinawayankhe bwino tsiku limenelo chifukwa m'thumba ndinali ndi lisiti ya okonza mawotchi ku Limbe, ndipo mtima unali usanakhazikike.

Ndinaigula ku Johannesburg mu Ogasiti 2023 pa R26,000, nditagulitsa ng'ombe zitatu. Pambali pake panali inzake ya kampani yomweyo, ya R19,000, yosiyana mtundu wa nkhope basi. Yangayi nkhope yake ndi yobiriwira ngati nzimbe za ku Nchalo zikathiriridwa, ndipo kumbuyo anazokota 217/500. Wogulitsa anandiuza kuti zoterezi sizitsika mtengo, zimangokwera. Ndinamukhulupirira.

Zabwino zake ndinene mwachidule. Siifuna batire, imayenda ndi kugwedezeka kwa mkono, ndipo ndikaivula Loweruka madzulo ndimaipeza ikuyendabe Lolemba mbandakucha. Pa sabata imatsogola osapitirira mphindi imodzi. Galasi lake lilibe chipsera ngakhale ndagwira nayo zingwe m'khola. Lamba wachikopa ndiye sanapirire thukuta la kuno: pofika Novembala anali atauma n'kung'aluka, ndinaikapo wansalu.

Vuto lenileni ndi nthunzi. Ndinaiona koyamba mu Januwale 2024, ndikukwera Thabwa m'mawa kupita ku Blantyre. Kunsi kuno ndinanyamuka kukutentha kale, koma titafika pamwamba mphepo yozizira ikulowa pawindo, ndinaona kamtambo koyera mkati mwa galasi, pakati pa 10 ndi 12. Ndinapukuta ndi malaya, osachoka. Titatsikanso madzulo kanali katazimirira. Kuyambira pamenepo zinakhala choncho nthawi iliyonse ndikachoka potentha kupita pozizira, ngakhale kungolowa m'chipinda chokhala ndi makina oziziritsa. Pankhope pake analembapo kuti imapirira madzi mpaka mamita 100, chonsecho ine sindinasambepo nayo ngakhale kamodzi.

Ndinatumiza zithunzi kwa wogulitsa pa WhatsApp. Poyamba anati ndiike mumpunga usiku wonse. Ndinaika, osathandiza. Kenako anati ndinasiya kabatani kotchelera nthawi kosatseka, ndiye walanti, lonjezo lawo lokonza wotchi ikawonongeka, siikhudza zowonongeka ndi madzi. Nditalimbikira anati nditumize wotchiyo, koma zotumizira kupita ndi kubwera zikhale zanga. Apo n'kuti kwacha itagwa kale ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, randi iliyonse ikuwawa. Ndinazengereza miyezi yambiri, ndipo chinyezi chija chinasiya kadontho kofiirira pafupi ndi 11, pankhope yobiriwira yomwe ndinaperekera ndalama zowonjezera.

Mwezi watha ndinapita nayo kwa bambo wina wachikulire wokonza mawotchi ku Limbe. Anaitsegula ine ndikuona, kagalasi kali padiso, n'kutulutsa kalabala kozungulira kakang'ono ngati njere ya mapira. "Achimwene, vuto ndi aka. Kanapanidwa pomanga, ndiye kakulowetsa mpweya wonyowa pang'onopang'ono. Kwanu kuchigwa mpweya umakhala wotentha komanso wa chinyezi. Galasi likazizira mwadzidzidzi, madziwo amagwira mkati." Anasintha kalabalako, anaumitsa, anathira mafuta, ndinalipira K95,000. Nthunzi sinabwerenso, ndakwera nayo Thabwa kawiri.

Chimene chinandikhala pamtima ndi zomwe anandionetsa pambuyo pake. Makina a mkati ndi a Sellita, kampani ya ku La Chaux-de-Fonds ku Switzerland yomwe imapanga makina n'kumagulitsa kwa makampani ambiri a mawotchi. Ndi makina abwino, amagunda kasanu ndi katatu pa sekondi, ndipo ndi amene apirira zonsezi osaima. Koma omwewo ndi amene ali mu ija ya R19,000. Ndiye kuti R7,000 yowonjezera ndinagulira penti yobiriwira, bokosi lamatabwa ndi nambala yakumbuyo. Nditafunsa za kusintha nkhope yothimbirirayo, wogulitsa anayankha kuti zobiriwira zinatha, sakupanganso, angandiikire yakuda. Kuchepa komwe anandikopa nako ndi komwe kwandisowetsa chosinthira.

Sindikunena kuti mawotchi owerengeka onse ndi msampha. Ilipo ina yomwe mmisiri amakhala nayo miyezi, kujambula nkhope ndi manja kapena kupanga makina akeake, ndipo singachuluke ngakhale atafuna. Kumeneko nambala ikunena zoona. Koma kusowa kwina n'kochita kupanga. Mu Marichi 2022 makampani a mawotchi a Omega ndi Swatch atatulutsa wotchi yotchedwa MoonSwatch, anthu anagona pamizere m'mizinda ikuluikulu ndipo ena anagulitsanso pamtengo wokwera kangapo, pamene kampani inali itanena poyera kuti ipitiriza kupanga. Chimene chinathamangitsa anthu ndi mantha otsala, ndipo mantha omwewo ndi amene anandigwira m'shopu muja nditamva kuti zatsala ziwiri.

Masiku ena ndimaikondabe kwambiri. Dzuwa likamalowa kutsidya kwa minda, nkhope ija imasintha kukhala yobiriwira mozama, ndipo ndimaiyang'ana nthawi ndikuidziwa kale. Pa ukwati wa mwana wa mchemwali wanga ku Nsanje ndinavala ndi jekete, inandikhala. Masiku ena diso limangothamangira pa kadontho kaja ndipo ndimawerengera ng'ombe zitatu zija, zomwe pano zikanakhala zitaswana.

Ndinayesa kufunsa wogulitsa yemwe uja kuti angaigule zingati. Anati R11,000, poti ili ndi banga komanso inatsegulidwa kwina. Ndi munthu yemweyo amene ankati mtengo wake sutsika.

Alamu ndawaimbira dzulo. Ndawauza kuti ngati mtima uli pa wotchi ya makina, atenge ya wamba ya lamba wachitsulo, afunse kaye ngati zosinthira zimapezeka, ndipo wogulitsa alembe pa lisiti kuti ikalowa chinyezi adzakonza ndani komanso zotumizira adzalipira ndani. Yangayi walanti yake ikutha mu Ogasiti, ndipo ndikulemberabe wogulitsa kuti andibwezere K95,000 ija. Uthenga womaliza anauwerenga Lachitatu, sanayankhe.