LOCF, MMRM kapena njira ya CATIE, pa mankhwala a schizophrenia iti yodalirika?

Anzanga amene mumawerenga kafukufuku wa mankhwala a schizophrenia, chimene chimavuta si samu ayi, ndi odwala osiyira panjira. Tinene kuti kafukufuku ndi wa masabata 6, wina pa sabata yachiwiri wati mankhwalawa akundigonetsa usana wonse, wasiya. Mapointi ake a kumapeto a PANSS, muyeso wa zizindikiro za matendawa umene mapointi akachuluka ndiye kuti munthu akudwala kwambiri, muwatenga kuti?

Njira yoyamba ndi LOCF (last observation carried forward), imangokopera mapointi omaliza amene wodwala anayezedwa mpaka kumapeto. Anali pa 85 sabata yachiwiri, basi 85 yomweyo sabata yachisanu ndi chimodzi ngati munthuyo anasanduka chithunzi. Njosavuta inde koma taonani, a gulu la placebo (mapiritsi opanda mankhwala enieni) ambiri amathawa msanga matenda atawavuta, manambala awo oipa aja nkungokhala pomwepo, mankhwala enieniwo nkumaoneka ngati ozizwitsa. Nthawi zina zimatembenukanso, mankhwala abwino koma ovutitsa thupi poyamba amaoneka opanda ntchito poti anthu anasiya asanayambe kupeza bwino.

MMRM (mixed model for repeated measures), modelo ya masamu, ndiyabwinoko. Imatenga maulendo onse amene wodwala anayezedwa nkuyerekeza komwe akanafika poona anzake amene ankayenda ngati iyeyo koma anapitiriza. Vuto lake imakhulupirira kuti chifukwa chosiyira chikuoneka kale m'manambala, nanga uja anali bwinobwino sabata yachiwiri kenako matenda nkumubwerera mwadzidzidzi osaonekanso ku chipatala? Modelo imuyesa wochira.

CATIE, kafukufuku wa ku America woyerekeza mankhwala a schizophrenia amene anatuluka mu 2005, inangosintha funso lenilenilo. Odwala 1,493, ndipo chimene ankawerenga ndi nthawi imene munthu watenga asanasiye mankhwala pa chifukwa chilichonse, pa ma graph a Kaplan-Meier oonetsa angati akadali pa mankhwala nthawi ikamapita. Apa wosiya si data yosowa, iyeyo ndiye yankho. Mwa amene anayamba kumwa mankhwala, 74% anasiya miyezi 18 isanakwane, pa mankhwala a olanzapine 64%, pa quetiapine 82%. Ine iyi ndimaikonda pa kafukufuku wautali, kungoti imaponya zonse mumphika umodzi, amene mankhwala sanamugwire, amene ananenepa mpaka kukhumudwa, amene anangotopa nazo. Olanzapine yemweyo wopambanayo ndi amenenso ananenepetsa anthu kwambiri.

Kanthu kena, kaya ndi LOCF kaya MMRM, pepala likati odwala anachira ndi maperesenti akutiakuti, muzifufuza ngati anachotsa 30. PANSS ili ndi mfundo 30, iliyonse imayambira pa 1, ndiye munthu wopanda chizindikiro chilichonse amapezabe 30. Kuchoka pa 90 kufika pa 60 si 33% ayi, ndi 50%, poti mukachotsa 30 kumakhala kuchoka pa 60 kufika pa 30.