Cologuard ndi Shield: kuyeza chimbudzi kapena magazi pofufuza khansa ya m'matumbo

Njira ziwirizi zimafufuza DNA (tizinthu ta m'maselo tonyamula chibadwa) yosonyeza khansa ya matumbo aakulu popanda kulowetsa kamera m'mimba. Bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zakudya ku America, linavomereza Cologuard mu 2014, ndipo Shield mu 2024; pano zonse ziwiri n'zololedwa kwa anthu a zaka 45 kupita m'tsogolo omwe alibe zizindikiro za matendawa.

Cologuard imayeza chimbudzi. Munthu amachitira m'chidebe chobwera ndi zipangizozo, n'kuthiramo madzi oteteza DNA, kenako n'kutumiza ku labotale pasanathe tsiku, chifukwa chikachedwa sichiyezedwanso. Musatenge chimbudzicho mukutsegula m'mimba kapena muli kumwezi: magazi amasokoneza zotsatira. Pakafukufuku, inapeza khansa mwa odwala 92 pa 100 alionse, koma inalozanso molakwa anthu pafupifupi 13 pa 100 omwe analibe vuto.

Shield ndi yotenga magazi pamkono basi, motero ambiri amene amanyansidwa ndi chidebe amailola. Imapeza odwala 83 pa 100.

Kusiyana kwenikweni kuli pa tizotupa tomwe sitinasanduke khansa. Cologuard imapeza 42 pa 100 ya tizotupa toopsati, Shield 13 yokha, popeza kachotupa kakang'ono sikataya DNA yambiri m'magazi. Ichi n'chachikulu, pakuti kuchotsa kachotupa msanga ndiko kumaletsa khansa kuyamba. N'chifukwa chake timati wotha kupereka chimbudzi asankhe Cologuard, n'kumabwereza zaka zitatu zilizonse.

Iliyonse ikaonetsa vuto, colonoscopy (kuunika m'matumbo ndi kamera) ndi yosazembeka. Ndipo amene akuona kale magazi m'chimbudzi apite kwa dokotala, asadalire njirazi.