DOTween: makhadi a mu gemu yanga ayamba kuyenda ngati aponyedwa ndi dzanja

Ndagwiritsa ntchito DOTween, chida choyendetsera zinthu mu gemu, kwa miyezi inayi pa gemu ya makhadi yomwe ndikupanga mu Unity, pulogalamu yopangira ma gemu. DOTween ndikuipatsa nyenyezi zisanu.

Kale ndinkachita zonse pamanja. Khadi likafunika kusuntha, ndinkalemba coroutine (code yogwira ntchito pang'onopang'ono nthawi ikamapita), n'kumawerengera nthawi, n'kumaitana Lerp (yopeza malo a pakati pa poyambira ndi pothera) pa frame iliyonse, kapena kuti chithunzi chilichonse chomwe gemu imaonetsa. Zinkatheka ndithu, koma khadi linkayenda ngati likukokedwa ndi chingwe, liwiro lomwelo kuyambira koyamba mpaka kumapeto, kenako njo, laima. Pano ndimangolemba transform.DOMove, n'kutchula komwe lipite ndi masekondi ake. Basi.

Chomwe chandigwira mtima ndi SetEase, yosankhira mmene liwiro lizisinthira m'njira. Mukapanda kusankha, imatenga OutQuad, yomwe imanyamuka mwaliwiro n'kufika mofatsa. Ine ndakonda OutBack: khadi limapitirira pang'ono pamalo pake n'kubwerera, ngati mmene limachitira munthu akaliponya patebulo. Usiku wina wonse ndinathera pa kuyesa masekondi 0.3 ndi 0.5. Kusiyana kwake kumaoneka kochepa, koma pa 0.5 gemu yonse inkamveka yaulesi. Pogawa makhadi ndimagwiritsa ntchito Sequence, yomwe imalumikiza mayendedwe angapo. Append imachititsa kuti zitsatizane, Join kuti ziyendere limodzi, ndiye khadi limatembenuka likadali m'njira.

Ndinapunthwa kawiri, koma mlandu ndi wanga chifukwa malangizo ndinangowadumphadumpha. Choyamba, menyu yoimitsira gemu inangouma gwa, osatuluka. Ndinali nditaika Time.timeScale, liwiro la nthawi ya mu gemu, pa 0, ndiye ma tween, mayendedwe omwe DOTween imapanga, nawonso anaima. Mankhwala ake ndi SetUpdate(true), yomwe imalola tween kuyenda ngakhale nthawi ya gemu itaima. Chachiwiri, ndinkafufuta khadi tween yake isanathe, machenjezo n'kudzaza console, pomwe Unity imalemba mauthenga ake. Muziipha ndi Kill, kapena muimangirire ku chinthucho ndi SetLink kuti zifere pamodzi.

Musaiwale kudina Setup DOTween mukangoiika. Dziwaninso kuti imayamba ndi malo a ma tween 200 ndi ma Sequence 50. Mukapyola imadzikulitsa yokha gemu ili mkati, choncho ngati zinthu zanu zoyenda n'zambiri, ikani SetTweensCapacity gemu ikamayamba.

Ya Pro sindinaigule. Ili ndi pokonzera ma animation osalemba code, zomwe zingathandize ojambula, koma ine yaulereyi ikundikwanira.