Buku ndi filimu ya Kamkwamba: chomwe chandikhudza chaka chino

Chaka chino ndawerenga buku la William Kamkwamba la 2009, The Boy Who Harnessed the Wind, lofotokoza momwe iye ali mnyamata anapangira makina a mphepo opanga magetsi kwawo ku Wimbe, kenako ndaonera filimu yake ya 2019 yomwe anatsogolera Chiwetel Ejiofor. Mtima wanga uli ku buku.

Filimuyo imakoma m'maso: fumbi la ku Wimbe, chimanga chofota m'munda, anthu akuyankhula Chichewa ngakhale ena lilime likuwalemera. Koma imathamanga. Makina a mphepo aja akangozungulira, madzi atuluka kale, pomwe m'buku anayamba ndi kuyatsa babu, pampu inabwera pambuyo pake.

Bukulo limakulowetsa m'kati mwa njala ya 2002, anthu akulimbirana gaga, banja likudya kamodzi patsiku. Nditafika pa imfa ya Khamba, galu wa William, ndinaliika kaye pansi, misozi ili m'maso.