The Woman in the Window ndi The Girl on the Train, muyambe ndi liti?

Mabuku awiriwa anthu amakonda kuwaika pamodzi ndipo nzomveka, monsemo muli mzimayi wokonda bibida yemwe waona zoopsa koma palibe akumukhulupirira, mwini wakenso akudzikayikira. Koma kakomedwe kake nkosiyana.

The Woman in the Window ndi la A. J. Finn, linatuluka mu 2018. Anna Fox ndi katswiri wa zamaganizo a ana, amakhala yekha m'chinyumba chachikulu ku Harlem, New York, ndipo akudwala agoraphobia, nthenda ija yoti ukangoti utuluke panja mtima umagunda kwambiri, mpweya kubanika mpaka kugwa. Ndiye tsiku lonse iye ndi vinyo, mapilisi, mafilimu akalekale ndi kusuzumira maneba pa kamera basi. Usiku wina akuona pawindo neba watsopano Jane Russell, yemwe anachezapo naye, atabayidwa. Apolisi kubwera, a m'banjamo kutulutsa mzimayi wina osati uja, ati Jane wake ndi ameneyu, nayu ali moyo. Apa ndiye bukuli limandigwira, chifukwa mboni ina iliyonse ikanangothamanga kukagogoda, koma Anna amachita kudziphimba ndi ambulera kuti asaone thambo, ndipo ngakhale atero sakafika. Machaputala ndi afupiafupi, umangoti nditsirize kamodzi aka ndigone, kenako wapezeka uli kutali.

Pomwe limandibowa mpoti zinsinsi zake zina umaziona zikubwera, makamaka ngati mabuku amtunduwu munawerengako angapo, komanso pakati limakokakoka, amwa vinyo, aonera filimu, amwanso. Ndipo amene anaonera Rear Window ya Hitchcock ya 1954 aona kuti fungo lake ndi lomwelo, olo kuti bukulo silibisa zimenezo.

The Girl on the Train la Paula Hawkins ndi la 2015. Rachel yekha amayenda, tsiku ndi tsiku amakwera sitima yopita ku London chonsecho ntchito inamuthera kale, nkumayang'ana banja lina pawindo mpaka kulipatsa mayina akeake, Jess ndi Jason. Mkaziyo, dzina lake lenileni Megan, akusowa. Vuto la Rachel ndi loti akaledzera sakumbuka chilichonse, ndiye ndende yake ili m'mutu. Nkhaniyi amaifotokoza azimayi atatu mosinthana ndipo palibe woyera mtima, ena amadandaula kuti mulibe munthu woti nkumukonda, ine mpomwe ndimalikondera chifukwa bodza la m'banja limaoneka bwinobwino mbali zonse.

Ngati mukufuna mantha otsekeredwa m'nyumba, ongomva kuti pansipo pali munthu akuyenda, tengani la Finn. Koma munthu atandifunsa limodzi lokha ndinena la Hawkins, anthu ake amakhalitsa m'maganizo. Filimu ya The Woman in the Window ya Netflix ya 2021 ija ya Amy Adams musayambire imeneyo, inathamangitsa nkhani moti kudwala kwa Anna sikumvekanso kulemera kwake.